RAUTA WAGULA NDIWE, KOMA MAKIYI ANATSALA KWA ENI AKE

 Uthengawu ndi wautali, ndiye amene muli pa mathandala kapena mukusoka ukonde usungeni kaye, muwerenga dzuwa likapepa. Nkhani yake ndi ya kabokosi kamene kamatipatsa Wi-Fi kaja, rauta, ndi khalidwe loipa limene makampani opanga ma rauta analiyamba, lomwe akulitcha dzina lokoma loti kuphweketsa zinthu.

Amene mwagula rauta yatsopano posachedwapa mukudziwa zimene ndikunena. Ukatsegula katoni mulibe buku, muli kapepala ka QR code. Upange download app, utsegule akaunti, upereke imelo yako, kenako app ija ikuonetse zinthu zitatu: dzina la Wi-Fi, pasiwedi, ndi batani lozimitsa n'kuyatsanso. Basi, zathera pomwepo. Zithunzi zokongola, mitundu yowala, kachizindikiro kobiriwira kokuuza kuti zonse zili bho. Ufune kuika malire pa foni iliyonse, pa ma app ambiri palibe. Ufune kuona mphamvu yeniyeni ya netiweki, akupatsa timizere tinayi ngati mwana wa ku nazale. Pomwe ma rauta akale, olo otchipa kumene, umangotsegula browser n'kulemba 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, a Huawei aja 192.168.8.1, walowa m'kati mwenimweni. Tsamba lake linali lonyasa, sindikana, Chingerezi chake chouma gwa, koma zonse zinali momwemo.

Ndineneretu ndisanapite patali, chifukwa ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba kuti mkuluyu akufuna tonse tikhale ma injiniya. Ayi. Ine sindidana ndi zinthu zophweka. Mayi anga akafuna kusintha pasiwedi asamachite kuitana munthu, zimenezo ndikuzivomereza ndi mtima wonse. Chimene ndikukana n'chakuti pofuna kuthandiza mayiwo, adule manja a mwana amene amawakonzera zinthu zikavuta. Kuika chinthu kuseri kwa batani lolembedwa Advanced ndi kubisa, wofuna amachipeza. Kuchichotseratu ndi nkhani ina. Makampaniwa akuchotsa, koma polankhula amanena ngati angobisa.

Tonsefe tinakulira pafupi ndi injini za maboti. Yamaha Enduro ija kuiliza n'kosavuta: kupopa mafuta, kukoka choke, kukoka chingwe, yalira. Mwana wa zaka 14 amatha. Koma chivundikiro chake chimatseguka ndi dzanja. Ikazima pakati pa nyanja usiku, mwera wayamba kukankha, alovi amatsegula, kuchotsa pulagi, kuipukuta, kuona ngati mafuta akuyenda, n'kubwerera kumtunda ndi usipa wawo. Tsopano taganizani kampani ibwere pa doko inene kuti asodzi ambiri sadziwa za mapulagi, ndiye chivundikiro tachiwotcherera, taika batani limodzi, ikavuta mudzatiimbire foni. Ndani mwa madala athu angagule injini yotero? Angamuthamangitse ndi nkhafi munthu ameneyo. Koma pa rauta tikulandira zomwezo, n'kumaombera m'manja kuti zinthu zapita patsogolo.

Mfundo yawo yaikulu ndi yoti anthu ofuna ma setting ambiri ndi ochepa, iwo amawatcha ma power user, anyamata okonda kusewera ndi makompyuta. Kwawoko mwina n'zoona. App imeneyo anaipanga akuganiza za nyumba ya ku California kapena ku London: bambo, mayi, ana awiri, intaneti ya waya yopanda malire, magetsi osazima. M'nyumba imeneyo foni ya mwana ikakoka 10GB usiku umodzi palibe amene amadziwa, palibe amene amalira. Ife kuno timawerenga megabyte iliyonse ngati mmene timawerengera zigoba za usipa pa doko.

Tinene kuti mwasonkherana anthu 8, mwagula bandulo ya 50GB ya mwezi, SIM mwaika mu rauta. Foni ikangoona Wi-Fi imayesa yafika pa ukwati, nsima ndi yaulere. Play Store imayamba kupanga update ma app onse. Google Photos imayamba kutumiza zithunzi ndi mavidiyo a miyezi itatu. WhatsApp imatsitsa zinthu za m'magulu onse, olo zimene mwini wake sadzazitsegula mpaka kufa. Wina abwere ndi laputopu ya Windows, imeneyo ndiye ng'ona, imameza osatafuna. Masiku 6 bandulo yatha, mkangano wabuka: ndiwe, ayi ndi uyu amakhalira TikTok, ayi ndi mlamu wako uja amabwera usiku. Anthu amasiya kulankhulana chifukwa cha zimenezi, inu mukudziwa. Pomwe mankhwala ake analipo kale pa tsamba lija amati Bandwidth Control kapena QoS. Foni iliyonse umaipatsa malire a liwiro lake, ndipo pa tsamba la Statistics umaona kuti ndani wakoka zingati. Palibe kulozana zala, aliyense amaona yekha mlandu wake. Ndiye wina akandiuza kuti zimenezo ndi za akatswiri ndimangomuyang'ana. Kwa munthu wa bandulo limenelo ndiye batani loyambirira, lofunika kuposa dzina la Wi-Fi.

Bwerani ku pasiwedi. Kuyambira pa Android 10, foni yolumikizidwa imatha kuonetsa QR code ya Wi-Fi, mnzake n'kujambula, walowa. Ukapatsa munthu mmodzi wapatsa doko lonse. Muti app ili ndi batani la Block, eti? Koma Block imagwira nambala imene foni imadziwika nayo pa netiweki, ija amati MAC address, ndipo mafoni a masiku ano, a Android ndi iPhone omwe, amatha kuvala nambala yongopeka. Wamutseka m'mawa, iye wasintha ka setting kamodzi, masana wabwerera ndi nkhope ina. Njira yogwira ntchito ndi yotembenuza: rauta ikane aliyense kupatula mafoni amene walemba iweyo, whitelist. Si mpanda wachitsulo, wodziwa kwambiri atha kudumphabe, koma ana ambiri a pa doko amathera pomwepo. Ma rauta akale otchipa anali nayo pa tsamba la MAC Filtering. Ma app ambiri atsopano anangosiya mndandanda wa otsekeredwa, ndiye ukhalira kuthamangitsa munthu mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku ngati khwangwala pa thandala.

Nanga netiweki? Ife odalira SIM timadziwa kuti kuno imasintha ngati mphepo ya pa nyanja. Timizere tinayi tija sitikuuza zoona zonse. Pa tsamba lenileni pamakhala manambala awiri, RSRP ndi SINR. RSRP ikakhala cha ku -80 uli pabwino, ikatsika kufika -110 ukupemphetsa. SINR imakuuza ngati siginolo ndi yoyera kapena yadzaza phokoso. Ndi manambala amenewa umanyamula rauta, kuiika pa windo ili, kuikweza pa nsungwi, kuitembenuza pang'ono, mpaka wapeza malo ake enieni. Umathanso kuiuza kuti igwire 4G yokha isamathawire ku 3G, ndipo ena amalola kusankha band. Akachotsa zimenezi umangozungulira nyumba rauta ili m'manja ngati sing'anga wofufuza nyanga. Pali ma rauta ena, monga Google Wifi, amene salola olo kusankha channel kapena kulekanitsa 2.4GHz ndi 5GHz, akuti rauta isankha yokha. Chonsecho aliyense amene anayesapo amadziwa kuti 2.4 imafika patali ndipo mafoni ena otchipa amaona yokhayo, pomwe 5 imathamanga koma makoma a njerwa amaifooketsa msanga. Nyumba ndi yanga, makoma ndikuwaona ndine, koma chisankho achite ndi munthu amene sanapondepo ku Mangochi.

Musaganize kuti ndi dandaulo la kumudzi, la anthu osauka okha. Nkhaniyi inayambira kwawo komweko, ndipo anthu awo omwe analira. Mu January 2012 Apple inatulutsa AirPort Utility 6.0, pulogalamu yoyendetsera ma rauta ake pa kompyuta. Inaoneka bwino ngati app ya pa iPhone. Anthu atatsegula anapeza kuti zinthu zingapo zimene ankagwiritsa ntchito mulibe: ma log oonera zimene rauta yakhala ikuchita, SNMP yothandiza kuyeza data, mpaka ma setting a IPv6. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo Apple inatulutsanso 5.6, ya maonekedwe akale, ndiye odziwa zinthu anayamba kusunga mapulogalamu awiri pa kompyuta imodzi, yokongola yoonera ndi yonyasa yogwirira ntchito. IPv6 inabwezeretsedwa pambuyo pake, koma zina sizinabwerere. Ma Mac atsopano anayamba kuikana 5.6 ija, anthu n'kumachita kuilowetsa mozembetsa. Mu 2018 Apple inasiyiratu kupanga ma rauta.

Chaka chomwecho cha 2012, mu June, Cisco, imene nthawi imeneyo inali mwini wa Linksys, inachita zoposa pamenepo. Ma rauta a EA2700, EA3500 ndi EA4500 analandira update okha popanda kufunsa. Eni ake atafuna kulowa pa tsamba lawo la masiku onse anapeza chitseko china, chowauza kuti atsegule akaunti ya Cisco Connect Cloud. Rauta yomwe anagula ndi ndalama zawo, ili pa tebulo lawo, koma kuti aiyendetse mokwanira adutse kaye pa makompyuta a kampani. M'malamulo a akauntiyo munalinso mawu olola kampani kuona zimene munthu akuchita pa intaneti, komanso oletsa zina zoti asamachite ndi rauta yake. Anthu anakwiya, nkhani inamveka paliponse, ndipo pasanathe masiku ambiri Cisco inapepesa n'kubweza tsamba lakale. Apa pali phunziro la anzathu amene amati kudandaula n'kutaya nthawi. Anabweza chifukwa ogula anachita phokoso.

Ya Google ndiye imandiwawa kwambiri. Mu 2015 inatulutsa rauta yotchedwa OnHub, yopanda tsamba la pa browser, yoyendetsedwa ndi app yokha. Pofika 2023 Google inali itaidula. Rauta ikadali yamoyo, Wi-Fi ikutulukabe, koma mwini wake sangasinthenso ma setting kudzera mu app ija. Bokosi labwinobwino lasanduka chiboliboli, osati chifukwa lapsa kapena lagwa, koma chifukwa wina mu ofesi wasaina pepala. Tsopano ganizani kuti katundu wotayidwa kunja amathera kuti. Amathera kuno, mu kaunjika, mwana wa ku Salima n'kugula mosangalala poona dzina lalikulu.

Ndipo pali chinthu china choseketsa. Ena mwa ma rauta a app amenewa amafuna intaneti kuti uwalowe. Iwe ukufuna kulowa chifukwa intaneti yavuta, iwo akuti lumikiza kaye intaneti. Kuli ngati tochi yofuna kuwala kwa dzuwa kuti iyake. Kwa ife amene bandulo imatha pakati pa mwezi, magetsi amazima, nsanja ya netiweki nayo imagona, zimenezi si nthabwala.

N'chifukwa chiyani akuchita zimenezi? Ndalama, abale anga. Munthu akasokoneza ma setting amaimba foni ku kampani, ndipo woyankha foniyo amalipidwa. Mabatani ochepa, mafoni ochepa. Chachiwiri, ukatsegula akaunti iwo adziwa imelo yako ndi zipangizo za m'nyumba mwako, wasanduka kasitomala wa moyo wonse m'malo mwa munthu amene anagula kamodzi n'kumapita. Chachitatu ndicho chenicheni. Zina mwa zinthu zimene rauta yakale inkachita yokha ulere, monga kutseka masamba oipa kwa ana, tsopano zikubwera zitavala suti, zolipira pamwezi. Kampani ya eero, yomwe Amazon inagula mu 2019, ili ndi eero Plus. TP-Link ili ndi HomeShield, ina yaulere ina yolipira. Netgear nayo ili ndi zake. Ndiye sanachotse chifukwa n'zovuta kwa ife, anachotsa kuti adzatigulitsenso. Ndipo kulipira kwake ndi kwa madola, pa khadi. M'dziko muno momwe forex ikuvutira, ndani wa ku Msaka alipire madola mwezi ndi mwezi kuti mng'ono wake asaonere zolaula?

Pali mfundo imodzi ya mbali inayo imene sindingainyoze, ndiyo ya chitetezo. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi ma rauta ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi a ku fakitale, a mtundu wa admin admin, ndipo mu October chaka chimenecho zipangizo zobedwazo zinagwetsa masamba akuluakulu ngati Twitter ndi Netflix kwa maola. Mu 2018 ma rauta a MikroTik oposa 200,000 analowedwa chifukwa eni ake sanapange update, chonsecho kampani inali itakonza kale vutolo. Ndiye akamati anthu akasiyidwa okha sasamala, sakunama. App imene imakukakamiza kusintha pasiwedi tsiku loyamba, n'kumatseka yokha mabowo a chitetezo, ikuchita ntchito yabwino. Koma tayang'anani bwino matenda ndi mankhwala ake. Matenda anali pasiwedi ya ku fakitale ndi firmware yakale. Mankhwala ake ndi kukakamiza pasiwedi yatsopano ndi update ya chitetezo. Nanga Bandwidth Control inalakwa chiyani? Tsamba loonetsa RSRP linagwetsa Twitter? Akutipatsa mankhwala a malungo kenako n'kutidulanso mwendo, akuti zonse ndi chithandizo chimodzi.

Komanso zoti sizingatheke kukhala ndi zonse ziwiri ndi bodza. MikroTik yomwe ija, kampani ya ku Riga m'dziko la Latvia, ili ndi tsamba limodzi lotchedwa Quick Set. Dzina, pasiwedi, mtundu wa intaneti, wamaliza. Koma pambali pomwepo pali zitseko zonse, ndipo ukalowa ndi Winbox umapeza Simple Queues zoikira malire, Hotspot ya ma voucher, firewall, chilichonse. Wofuna zophweka amathera pakhonde, wofuna zambiri amalowa kuchipinda. Starlink, yomwe inafika m'Malawi mu 2023, rauta yake ndi ya app, ma setting ake owerengeka, ndipo ya m'badwo wachiwiri inabwera yopanda olo bowo lolowetsa waya wa Ethernet, adaputa ugule padera. Koma ndiwapatse ulemu pa chinthu chimodzi, anasiya Bypass Mode, yoti rauta yawo ikhale pambali iwe uike yako. Ndicho chokha tikupempha, asatseke khomo lakumbuyo.

Chimene chimandikhudza kuposa bandulo ndi ichi. Tsamba lonyasa lija linali sukulu. Ambiri a ife tinaphunzira m'masukulu opanda chipinda cha makompyuta. Mawu oti IP address, DHCP, DNS, port, tinakumana nawo koyamba pa tsamba la rauta, usiku, pa foni yosweka galasi. Umasintha chinthu, intaneti yathawa, mtima phaa, umatenga waya wa pepala n'kubaya pa kabowo ka reset, kuyambiranso. Kachitatu wamvetsa. Anyamata amene lero akuika Wi-Fi m'malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi Senga Bay, amene akukoka mawaya m'masukulu ndi m'maofesi, ambiri anayambira pomwepo. Nsomba m'nyanjamu zikuchepa, tonse tikuona, chambo chimene madala athu ankakoka sichikuonekanso ngati kale, ndipo si mwana aliyense amene adzadye za ukonde. Luso la netiweki ndi limodzi mwa makomo ochepa amene amatseguka ndi foni ndi chidwi basi. Mwana wokulira pa app ya mabatani atatu adzaphunzira chiyani? Kuzimitsa n'kuyatsanso.

Mbiri imatichitira umboni apa. Linksys WRT54G, rauta yabuluu ndi yakuda ya nyanga ziwiri ija, inali ndi Linux m'kati. Mu 2003 anthu atazindikira, anakakamiza kampani kutulutsa poyera code yake monga mmene lamulo la GPL limanenera. Kuchokera pamenepo kunabadwa OpenWrt mu 2004, ndi zina monga DD-WRT ndi Tomato, mapulogalamu aulere amene amasandutsa rauta wamba kukhala chida cha katswiri. Kampani itachepetsa memory n'kuchotsa Linux m'ma rauta otsatira, ofuna yakale anachuluka moti inatulutsa WRT54GL, ya Linux, imene inagulitsidwa zaka zoposa khumi. Amenewo ndi ma power user omwe akuti ndi ochepa aja.

Nafenso tili ndi vuto lathu, ndisabise. Timagula rauta powerenga nyanga. Ya nyanga zinayi ndiye yamphamvu, ya zisanu ndi chimodzi ndiye bwana. Wogulitsa nayenso sadziwa, amangoti iyi ndi latest, akulu. Pogula injini madala amatsegula chivundikiro, amailiza mu diramu ya madzi, amamvetsera kulira kwake. Chitani chimodzimodzi. Muuzeni wogulitsa aiyatse pomwepo, lumikizani foni yanu, lembani nambala ija mu browser. Ikakana n'kumakutumizani ku app yokha, dziwani chimene mukugula. Ikatseguka, fufuzani ngati imalowa popanda akaunti ndi popanda intaneti, ngati ili ndi malire a foni iliyonse, ngati ili ndi whitelist, ndipo ngati ndi ya SIM, ionetse RSRP ndi SINR komanso ilole 4G yokha. Za kaunjika zochokera ku Joni kapena ku UK samalani nazo, zina zinatsekeredwa ku kampani imodzi ya kumeneko ndipo SIM yathu siigwira. Amene mukufuna kuyesa OpenWrt, onani kaye ngati rauta yanu ili pa mndandanda wawo, model ndi version zifanane ndendende, ndipo musayambe magetsi akuphethira, chifukwa akazima pakati pa ntchito rauta imasanduka njerwa. Muyambire pa yakale, osati ya pagulu imene munasonkherana. Mukamaliza kukonza ma setting sungani backup, fayilo yake ndi yaing'ono. Ndipo pasiwedi ya admin ija sinthani lero, zija za admin admin zisiyeni, musawapatse chonamizira.

Amene muli ndi rauta panyumba kapena pa shopu, usiku uno lowani pa tsamba lake muwerenge mafoni amene alumikizidwa, kenako muwerenge anthu amene munawapatsa pasiwedi. Manambala awiriwo munditumizire ku inbox pamodzi ndi dzina la rauta yanu, tione ndi ziti zimene zikutsegukabe ndi ziti zimene anaziwotcherera. Amene ikukanani kulowa munenenso, tiilembe pa mndandanda wina wake womwe tizitumizirana tisanapite kukagula.